Mpunga Umene Ndinakonola pa Nambala ya Mlongo Wanga

Khalani pansi abale, khalani pansi. Inu mwachokera ku Chisi mwatopa ndi bwato, khalani pa matumbawo, muli mankhusu okhaokha. A komiti andiuza kuti ndikuonetseni mmene timasonkhezera choumitsira mpunga, ndipo ndikuonetsani. Koma ndawapempha kuti ndiyambe ndalankhula zanga, chifukwa pamene mumalowa ndimakuyang'anani nkhope. Achinyamata mwalowa mukuseka, mafoni m'manja. Koma kumbuyoko kuli madoda angapo, zikhadabo zakuda ndi girisi, amene ayang'ana makinawa mmene munthu amamuyang'anira mwamuna amene wakwatira mkazi wake wakale. Akuti makalabu anu nawonso alandira makina otere posachedwa. Ndiye madoda inu, ndikulankhula ndi inu. Nkhope imeneyo ndinaivala ine zaka ziwiri, ndipo ndikuuzani kumene inandifikitsa.

Ine ndine Fanuelo. Ndinagwira chigayo cha dizilo cha kalabu ino kuyambira ndilibe ndevu. Injini ikatsokomola ndinkadziwa chikuiwawa ndisanamasule bawuti. Koma chimene chinandipatsa dzina si sipanala ayi, ndi mano. Mlimi akabwera ndi mpunga woti akonoletse, ndinkatapa njere zingapo n'kuluma. Ukalira kuti khe, ndiye kuti wauma, tsitsani thumba. Ukangophwanyika mwakachetechete ngati chinangwa chophika, bwererani mukayanike. Palibe ankatsutsa. Amayi a mabeseni a ku Songani ankafunsa kaye kuti, “Aluma a Fanuelo?” asanagule. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Ndili ndi mlongo wanga mmodzi, Esinati, ndi mng'ono wanga mmodzi, Layisoni. Wamkulu ndine, ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno wamkuluyo ndiye mwini mbumba. Ukwati wa Esinati ndinamanga ndine. Mwana wake akadwala, uthenga unkayamba kufika kwa ine malume wake usanapite kwina. Ndinasiya sukulu msanga ndine, iye n'kupitiriza mpaka sekondale. Sindinkadandaula, chifukwa ndinkaona kuti nzeru zake zonsezo zili pansi pa dzanja langa.

Kenaka zinthu zinayamba kuthina. Dizilo kusowa, chigayo kukhala sabata osalira. Nyanja kuphwa, kubwerera, kuphwanso. Mitengo yowambira nsomba kutha m'mapirimu. Pamene mitengo ikutha choncho, ife kuseri kwa chigayo tinali ndi phiri la mankhusu limene tinkangoliyatsa, n'kumafuka mwezi wathunthu, ana akutsokomola mudzi wonse. Bungwe lina linabwera n'kugwirizana ndi kalabu yathu, ndipo anaika zonse mukuzionazi. Magetsi ndi a sola ali padengawo. Mankhusu omwe tinkataya ndi amene amatenthetsa choumitsira, otsala amapanidwa kukhala makala a owamba nsomba. Mpunga ukalowa uku, makina amauyeza chinyezi, amaukonola, amaupeta, amauthira m'mapaketi n'kumata okha. Munthu ntchito yake ndi kuima pa kagalasi ako ndi kudina.

A bungwe anati woima pa kagalasiko alembe mayeso. Ine ndinati sindingalembe mayeso a mpunga ngati mwana wa sukulu, aliyense akudziwa amene amadziwa mpunga kuno. Ndinali ndi chikhulupiriro chakuti adzabwera okha kudzandigwadira. Sanabwere. Anakhoza ndi Esinati, a bungwe n'kupita naye ku maphunziro, iye n'kubwerako ndi ovolosi yobiriwira ndi nambala yake yachinsinsi yotsegulira makina. Ine anandipatsa wilibala kuti ndizituta mankhusu, ndi kiyi wa shedi popeza ndinkafika m'mawa kuposa onse.

Ndinanena kuti ndakondwa. Ndinamugwira chanza mlongo wanga pagulu. Koma tsiku limenelo ndinaona ovolosi ija ngati andivula ine kuti amuveke iye.

Chimene chinandimaliza chinachitika sabata yachitatu. Kunabwera mlimi wina ndi matumba ake, ndipo mwachizolowezi anandiitana ine. Ndinasiya wilibala, ndinatapa, ndinaluma. Khe. Ndinati, “Wauma uwu, tsitsani.” Esinati anathira kakapu kamodzi moyezera muja, kagalasi n'kuwala kofiira. Anabwera pafupi nane, mawu ali pansi, kuti ena asamve.

“Achimwene, akuti sunafike. Ulowe kaye m'choumitsira.”

“Akuti ndani?”

“Makinawa, achimwene.”

“Makina anabzalapo mpunga?”

Anthu anaseka, ine n'kumaganiza kuti akuseka makina. Koma wina kumbuyo anakuwa kuti, “Mano apume tsopano a Fanuelo, atsala a nyama basi!” Chikhakhali chinabuka shedi yonse, ndipo mlimi uja ananyamula matumba ake n'kutsatira Esinati. Madzulo ake ndinapita kwa mayi wina wotcheza kachasu kumbali ya kudoko, kumene ndinkapita kamodzi pamwezi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kupitako tsiku lililonse.

Nsanje, abale anga, imakupatsa ntchito yambiri. Ndinkawerenga anthu amene amupatsa moni Esinati asanandipatse ine. Alendo akabwera ndi galimoto kudzajambula, ndinkakankha wilibala pang'onopang'ono kuti ndimve ngati atchule dzina langa. Esinati anagula njinga, ine mutu kuwawa masiku atatu. Kutchalitchi akamuitana kutsogolo kuti awerenge Mawu, ndinkati ngakhale Mulungu wamukondera. Kumowa ndinkauza aliyense kuti mwana uja ndinamuphunzitsa ndine, lero akundilamula ngati waganyu. Chonsecho iye sanandilamulepo ngakhale tsiku limodzi. Chinkandiwawa kwambiri n'chimenecho, kuti anali waulemu. Akanakhala wamwano bwenzi ndili ndi pogwira.

Tsiku lina anthu atapita kukadya masana, anandiitanira pa kagalasi paja. Anati, “Achimwene, izi sizovuta. Inu mumadziwa mpunga kuposa ine, chatsala n'kudina basi. Bwerani ndikuphunzitseni tili awiri, chaka chamawa mukalembe mayeso.” Anadina nambala yake pang'onopang'ono ndikuona, n'kuitchulanso pakamwa. Ine ndinati zoseweretsa za ana ndilibe nazo nthawi, n'kutuluka. Koma nambala ija inakhala m'mutu mwanga. Nyimbo za kutchalitchi ndimaiwala, koma nambala imeneyo sindinaiwale.

Chaka chimenecho kalabu ya amayi a mu sikimu ya mpunga wothirira, motsogozedwa ndi Abiti Sumani, inapeza mwayi waukulu. Sitolo ina ya m'tauni ku Zomba inavomera kuti izigula mpunga wawo wa m'mapaketi, wokhala ndi dzina la kalabu yawo. Ambiri mwa amayi amenewo ndi amasiye. Anasonkhanitsa zokolola zawo zonse n'kubweretsa kuno. Koma inali sabata ya chiperoni, dzuwa osaoneka, mabatire ofooka, choumitsira chikuyenda mwaulesi. Esinati anati mpunga udikire masiku ena awiri.

M'mawa mwake kunagwa maliro m'mudzi woyandikana nawo, ndipo aliyense anapita. Esinati anali kophika ndi amayi anzake. Ine ndinaonekera pang'ono pamaliropo, ndinadzera kwa mayi wa kachasu uja, n'kubwera kuno ndekha dzuwa lili pamutu, kiyi m'thumba. Ndinatsegula choumitsira, ndinatapa mpunga wa Abiti Sumani, ndinaluma. Khe. Ndinatapa pena, khe. Ndinathira moyezera, kagalasi kofiira. Ndinadina nambala ya Esinati, ndinapeza pamene amadina akafuna kudutsitsa mpunga umene makina akana. Kagalasi kanandifunsa m'Chichewa chomveka bwino ngati ndikutsimikiza. Kanandifunsa kawiri.

Pano ndisakunamizeni. Kwa nthawi yaitali ndinkadziuza kuti ndinkangofuna kuonetsa anthu kuti mano anga sanama. Zimenezo zinalipo. Koma pansi pake panali china. Ndinkadziwa kuti mwina makina akunena zoona, ndipo mtima wanga unati: zikavuta, nambala si yako. Ndinadina ndikudziwa zimenezo.

Kale kuti uwononge mpunga wa mudzi wonse pankafunika anthu khumi ndi sabata yathunthu. Makinawa ndi achangu. Pamene anthu amachokera kumanda, mapaketi anali ataunjikana pakona apo, oyera, omatidwa bwino.

Esinati analowa, anaona mapaketi, anandiyang'ana. Ndinati, “Dzuwa linatuluka pang'ono, kagalasi kanawala kobiriwira, ndiye ndinati ndikuthandize.” Ndinkayembekezera kuti akalipa. Mukudziwa anachita chiyani? Anawomba m'manja ngati kamtsikana. “Achimwene! Mwayendetsa nokha? Ndinanena ine!” Anasangalala mpaka sanayang'ane n'komwe zimene makina analemba. Anandikhulupirira. Lole inabwera m'mawa mwake n'kunyamula.

Patatha masabata atatu lole yomweyo inabwerera ndi katundu yense. Mapaketi anali atachita thukuta m'kati, mpunga utagwirana, wachuku, wina wobiriwira wina wakuda. A sitolo anati sadzagulanso. Ndinaona Abiti Sumani, mayi wamkulu, atakhala pansi m'fumbi pakhomo apo, paketi ili pamiyendo, osalira, kumangoitembenuza.

Komiti inakhala. Wapampando wathu, Che Jafali, anaitanitsa zimene makina amasunga, pakuti makinawa amalemba chilichonse, tsiku, ola, ndi nambala ya amene wadina. Zinaoneka poyera kuti anakana mpunga, munthu n'kuwakakamiza, ndipo nambala inali ya Esinati. Che Jafali anamufunsa katatu. “Mwanangu, tsiku limenelo unali kumaliro, tinakuona. Nambala yako unapatsa ndani?” Ine ndinali nditatsamira wilibala cha apo. Esinati sanandiyang'ane. Anangoti, “Nambala ndi yanga, bambo. Mlandu ndi wanga.”

Anamuvula ovolosi tsiku lomwelo. Makina anatsekedwa kudikira kuti aphunzitse wina. Amayi aja, ndi mkwiyo, ananyamula mapaketi onse owola n'kukawaunjika pakhonde pa nyumba yake. Mphekesera zinayenda kuti ankalandira kangachepe kuti adutsitse mpunga wauwisi, ena amati anathawa pamaliro kukachita zimenezo ndi chibwenzi. Kumjigo amayi ankasiya kulankhula iye akafika. Kutchalitchi anasiya kumuitana kutsogolo.

Tsono imvani pamene ndinagwera penipeni. Ine ndinasangalala. Tinadzutsa injini yakale ya dizilo, utsi unayambanso, ndipo alimi anayambanso kundiitana. “A Fanuelo, tatilumireni, zamakinazi zatipweteka.” Ndinkaluma ndikumva kukoma. Mlongo wanga akuyenda chozolika m'mudzi, ine ndikuyenda mapewa m'mwamba. Koma ndikatsala ndekha chikumbumtima chinkandidya, ndipo mankhwala ake ndinkawadziwa amodzi okha. Ndinayamba kumwa m'mawa ndisanatsuke mkamwa. Ndinadula lamba wa injini kawiri chifukwa choledzera. Ndinagona m'ngalande ya sikimu masana, ana a sukulu akundilumpha. Ndinagulitsa mbuzi ya mkazi wanga iye osadziwa. Ine ndinali mkamwini kumeneko, ndiye tsiku lina ndinapeza chikwama changa chili panja, alamu anga ataima pakhomo manja ali m'chiuno. Ndinaona msana wa njira.

Nanga mwamuna akapirikitsidwa kuchikamwini amalowera kuti? Kwa mlongo wake. Ndinafika kwa Esinati ndi kachikwama kanga, ndinadutsa mulu wa mapaketi uja pakhonde. Anandilandira, anandiyalira mphasa m'kanyumba kosungiramo makasu. Sabata yathunthu ankandiphikira, ankanditengera madzi osamba, osatchula za mpunga uja. Ine n'kumati mwina sakudziwa. Uchidakwa umapusitsa munthu choncho.

Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinadzuka mochedwa, mutu ukung'amba. Alamu, amuna a Esinati, anali atapita kunyanja, ana kusukulu. Ndinakhala pakhonde kumbali ya mthunzi. Ndinaona Esinati akutenga paketi imodzi pamulu paja, n'kuing'amba ndi mano, n'kukhuthulira mu lichero. Anapeta. Anatola njere zakuda zija imodzi imodzi, osafulumira. Anatsuka katatu, madzi akutuluka obiriwira. Anaphika. Fungo linandipeza pamene ndinakhalapo, fungo la chovala chimene chaiwalika m'madzi.

Anabweretsa mbale imodzi ndi madzi osamba m'manja, n'kuika patsogolo panga. Ndinkayembekeza kuti achoka, pakuti chikulireni sitinadyepo mbale imodzi ine ndi iye. Koma anakhala pansi moyang'anana nane, anatambasula miyendo, anasamba m'manja. Anandiyang'ana m'maso koyamba chichokereni ku komiti kuja.

“Idyani achimwene. Munati ndi wouma.”

Mawu ake anali a masiku onse, ngati akundiuza kuti madzi afunda. Iye anatapa mpunga uja, anaumbira m'dzanja, anaika mkamwa. Anatafuna, anameza. Anatapanso kachiwiri. Munthu amene anakaphunzira kuti chuku cha mpunga ndi poizoni, amene ankaletsa ngakhale kupatsa nkhuku, anali kudya pamaso panga, misozi ikutsikira m'mbale. Atatapa kachitatu ndinamugwira mkono.

“Chemwali, siya. Udwala.”

“Mwayamba liti kuopa kuti ndidwala?”

Ndinamufunsa funso lopusa, kuti nanga bwanji sananditchule ku komiti. Anapukuta kukamwa ndi chitenje.

“Ndikanakutchulani, ana anga akanati malume awo ndani? Ndinati mwina mubwera nokha. Ndadikira miyezi inayi, achimwene. Ndatopa.”

Anaimirira, anatenga ndowa, anapita kumjigo kumene amayi samuyankhula kuja. Ine ndinatsala ndi mbale. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, ntchentche zikutera. Ndinalira, doda lonse ine, kulira kwa mamina. Kenaka ndinakataya mpunga uja m'chimbudzi, ndinatsuka mbale, ndinatenga paketi imodzi pamulu paja n'kuyamba ulendo wa kwa Che Jafali. Njira yake imadutsa pa mayi wa kachasu uja. Miyendo inkafuna kukhota kuti ndikalimbitse mtima ndi kabotolo kamodzi. Ndinadzera m'minda, matope mpaka m'mawondo.

Che Jafali ndinawapeza akuchokera kumzikiti. Ndinagwada pamsewu pomwepo, ndinanena zonse. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, “Zimenezi musandiuze ine ndekha. Mwanayo anamunyozera pagulu.” Ndiye anaitanitsa anthu m'shedi muno, ndipo ndinaima pamene ndaima panopa n'kubwereza zonse. Sindinanene kuti unali mowa. Ndinati inali nsanje, ndinkamuchitira nsanje mlongo wanga, ndipo ndinasangalala atagwa. Mayi wina anandigenda ndi chitsononkho. Ndinagona kupolisi masiku atatu. Tsiku lachinayi Abiti Sumani anapita okha kukanditulutsa. Ndinati ndithokoze, anandidula. “Usathokoze. M'chitokosimo sukundilimira. Tiye kumunda.”

Ndi mmene ndinayambira kubwerera. Dzinja lonse ndinagwira m'minda ya amayi amene ndinawawonongera, kusinthanasinthana. Kutipula, kuwokera, kupalira, kuingitsa mbalame. Msana unathyoka, misundu inandidya miyendo. Abiti Sumani ankaima pamzere n'kumati, “Wokera mowongoka iwe, apa palibe choluma.” Sanandisekerepo mpaka tsiku lokolola.

Tsono inu amene mwina zikukuyambani, ndikuuzeni zimene zinandithandiza, pakuti kulira kokha sikuchiritsa. Za mowa, sindinalumbire malumbiro aakulu. Ndinangosintha njira. Mpaka lero ndikamapita kudoko ndimazungulira, ngakhale kukhale kutali, ndipo ndikalandira kanthu ndimayamba ndafika kunyumba. Mkazi wanga anandilola kubwerera patatha chaka, koma chikwama chija anachisiya poonekera.

Za nsanje, ndinaphunzira kuitchula dzina msanga isanakule. Ndili ndi mnzanga mmodzi, mkulu wa mpingo, amene ndimamuuza mosabisa kuti lero chandigwiranso. Chifukwa musaganize kuti chinatha. Esinati anamubwezera ovolosi yake, pano amapita kukaphunzitsa makalabu ena, mwina ndi amene adzabwere kwanuko. Akamakwera galimoto ya bungwe, nsanje ija imandigwirabe. Kusiyana kwake n'kwakuti pano ndimadziwa kuti ndi matenda anga, iye alibe nawo mlandu.

Ndipo ndinachita chimene ndinkayenera kuchita pachiyambi pomwe: ndinafunsa. Ndinapita kwa Esinati ngati mwana wa sukulu n'kunena kuti andiuze chifukwa chake mano anga amati wauma, makina n'kumakana. Yankho lake linandichititsa manyazi chifukwa cha kuphweka kwake. Mano anga sankanama. Mpunga wolira khe ndi wouma mokwanira kuti ukonoledwe lero, ugulitsidwe pa beseni lapululu ku Songani, udyedwe sabata yomweyo. Umapuma mpweya. Koma ukautsekera m'pulasitiki kuti ukhale miyezi pa shelefu, kachinyezi kotsalako kamene dzino silingamve kamasowa kotulukira. Zaka zonse zija ndinali katswiri wa mpunga wa pa beseni, ndipo palibe anandiuza kuti malonda asintha chifukwa sindinkalola kuuzidwa. Funso la mphindi ziwiri limenelo likanapulumutsa zokolola za amasiye.

Mayeso aja ndinalemba. Ndinalephera koyamba, ndinakhoza kachiwiri. Ndili ndi nambala yanga tsopano, ndipo chilichonse chimene ndadina chimalembedwa pa dzina langa. Komiti inasinthanso lamulo, kuti makina akakana mpunga pamafunika anthu awiri kuti awakakamize. Lamulo limenelo achinyamata amalitchula dzina langa, ndipo sindikwiya, n'zoona. Mudzakapemphe kuti kwanuko likakhaleko kuyambira tsiku loyamba. Komanso ndinapeza kuti makutu anga akale ali ndi ntchito. Kagalasi kamanena kuti penapake pavuta, koma amene amamva kuti ndi beringi iti yayamba kulira ndine. Madoda inu, zimene mukudziwazo sizinathe ntchito. Chimene chingakutheni ndi kukhala kumbuyoko mutapinda manja, mukuwerenga amene apatsidwa moni.

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pabwino. Dzina la Esinati linayera, ngakhale kuli ena akutali amene anamva bodza lija koma kuulula kwanga sanakumve. Sitolo ija sinabwererenso, amayi anachita kupeza ina patapita nthawi. Esinati amandiyankhula, timagwira ntchito limodzi, amanditumizira ndiwo ndikadwala. Ndinkaganiza kuti zonse zabwerera m'malo mwake.

Mwezi wathawu mwana wake woyamba, mtsikana amene ndinamutcha dzina ndine, anapeza banja. Ndinasita jekete, ndinakonzeka kuti akuchimuna abwera kwa ine monga mwa mwambo. Masiku anadutsa, palibe anabwera. Ndinapita kukafunsa. Esinati anali akusankha nyemba, ndipo sanazungulire.

“Ndauza a Layisoni kuti aimire mwanayu. Ndinakukhululukirani, achimwene, Mulungu akudziwa. Koma nkhoswe ndi munthu woti mwana wanga zikadzamuvuta kubanja adzathamangireko, n'kumuimira pagulu. Ine ndinaima pagulu ndekha, inu muli pomwepo.”

Ndinafunsa ngati pali chimene ndingathandize. Anaganiza pang'ono, anati mabenchi a kutchalitchi akufunika onyamula.

Ndinanyamula mabenchi onse, ndinawandandalika bwinobwino, n'kukhala pa lomalizira. Mwambo utafika pakati, woyendetsa anakuwa kuti, “Malume a mtsikana, mwini mbumba, aimirire tiwaone!” Abale anga, miyendo yanga inayamba kudzuka yokha. Ndinachita kugwira benchi ndi manja awiri. Anaimirira mng'ono wanga Layisoni, nthungululu zinalira, ndipo ine ndinawomba nawo m'manja.

Ndi zimenezo zimene ndinafuna kuti mumve musanaone makinawa. Dzukani tsono, tiyambire kuseri kuno kumene kumalowera mankhusu.